Sefa ya aNyaShaba

Ndinayamba kudandaula za nkhani iyi Lachiwiri loyamba la mwezi wa Meyi, zaka zitatu zapitazo, pamaso pa komiti yonse ya bungwe lathu la oweta ng'ombe, ndipo tsiku lomwelo ndinapereka dandaulo lolemba. Kope yake ndili nayo, yodindidwa chidindo cha bungwe. Ndinadandaulanso mvula itayamba chaka chomwecho. Ndinadandaulanso ng'ombe za a Mtonga zitabedwa. Yankho limene ndalandira mpaka lero ndi la pakamwa, panjira ya kumsika, munthu ali panjinga osatsika n'komwe: "Tikuyang'anapo, a Kamwendo." Tsopano chaka chakwana chimwalirireni aNyaShaba, ana awo akuvundukula chiliza Loweruka likudzali, ndipo komiti yomweyo yandipempha kuti ndilembe mbiri yawo, yaifupi ndi yokoma kumva. Ndalemba. Kufupika kwandikanika. Za kukoma muweruza nokha.

Ndiyambe ndi kunena chimene ambiri adzachibise pamanda paja: aNyaShaba anali munthu wovuta. Ufa wochokera kuchigayo ankausefanso okha kunyumba, ngakhale utasefedwa kale. Ng'ombe yogula kumene sinkalowa m'khola mwawo mpaka itagona padera ndi kupita kudibi, ngakhale wogulitsayo akhale mlongo wawo. Ankavala wotchi yachimuna ya malemu amuna awo, ndipo ukachedwa ankangoiyang'ana osanena kanthu, zimene zinkapweteka kuposa kukalipidwa. Mawu amene ankadana nawo kwambiri ndi "mbwenu", "basi" uja wa m'Chitumbuka. Ukawafotokozera chinthu n'kumaliza ndi mbwenu, monga achitira anthu onse kuno, ankakubweza poyambira. Ankati mbwenu wapha ng'ombe zambiri kuposa nkhupakupa.

Bungwe lathu lili ndi mamembala ochokera ku Manyamula, ku Edingeni mpaka kumbali ya Champhira. Ofesi ndi kachipinda kamodzi ku Mzimba boma, kuseri kwa sitolo ya zipangizo za njinga. Ntchito yake yaikulu ndi iyi: ng'ombe zikabedwa, mwini wake amatumiza uthenga ku nambala ya bungwe. Uthengawo umalowa mu kompyuta, kompyutayo imaulemba pa sikirini, mzere pansi pa mzere unzake: nthawi, nambala ya wotumiza, kenako mawu ake. Kalaliki wathu, Mayi Mhango, amawerenga n'kuyamba kuimbira a m'misika, mabutchala ndi achitetezo a m'midzi ya m'mphepete mwa misewu. Ng'ombe yobedwa imayenda msanga. Uthenga ukapanda kuoneka m'mawa, pofika masana ndi nyama ya pa mbedza. Zonsezi anazilumikiza ndi aNyaShaba, ndi manja awo, pa kompyuta yakale ya sikirini yakuda ndi zilembo zoyera.

Ndinawadziwira ku nkhalango ya paini ya ku Viphya, kumene ine, mwana wa ku Dedza, ndinkasunga zipangizo pa fakitale yocheka matabwa, iwo ali mu ofesi. Asanabwere kumeneko anagwirapo ku positi ofesi ali mtsikana, pa makina a teleksi, aja ankalemba okha uthenga wochokera kutali pa pepala lalitali. Makompyuta atafika ku fakitale, ndiwo anatumizidwa ku maphunziro, ndipo sanalole kuti munthu aiwale zimenezo. Kudzichepetsa analibe. Wa kampani kapena wa boma akalakwitsa, ankamuuza pomwepo, anthu akumva.

Nkhani ya teleksi ndinaimva kambirimbiri moti ndingathe kuinena ndili m'tulo. Ankati pa makina aja panali mabatani ena amene salemba chilembo chilichonse. Lina ukalidina, belu linkalira pa makina a mnzako ku tawuni ina. Lina linkabweza mutu wa makina kumayambiriro kwa mzere. Ndiye munthu ali kutali akanatha kulamula makina ako kuti abwerere n'kulemba pamwamba pa zimene alemba kale. Sikirini yakuda ija, iwo ankati, ndi mdzukulu wa teleksi, ndipo watengera kumvera kwa agogo ake n'kuwonjeza. Pakati pa zilembo zimene munthu angatumize pali zina zosaoneka ndi maso, zimene sikirini siizilemba koma imazimvera. China chimati sintha mtundu wa mawu. China chimati kwera mzere wapamwamba. China chimati fufuta mzere umenewo. Sikirini siifunsa kuti lamuloli lachokera kwa mwini nyumba kapena kwa munthu wa mumsewu. Imangochita.

Tsono nambala ya bungwe ili pa khoma la dibi lililonse. Aliyense angathe kutumiza. Wakuba naye ali ndi foni.

N'chifukwa chake analemba kapulogalamu kamene ankakatchula kuti sefa. Uthenga uliwonse usanafike pa sikirini unkadutsa mmenemo. Zilembo zenizeni, manambala ndi zizindikiro zowerengeka zinkadutsa. Zolamula zija sizinkatayidwa mwakachetechete, ayi. Sefa inkazithyola mano n'kuziika poyera ngati tizizindikiro tachilendo, kuti kalaliki aone kuti pali wina amene wayesa kugwira chitseko. Ngakhale munthu atayamba mzere watsopano mkati mwa uthenga wake, sefa inkausunga mkati mwa uthenga womwewo, kuti usaoneke ngati wachokera ku nambala ina. Ankakonda kunena kuti uthenga ndi mlendo: umampatsa mpando ndi madzi, koma sumupatsa makiyi a nyumba.

Tinakanganapo pa sefa imeneyi, ndipo kalata zake ndili nazo. Poyamba inali yothina mopitirira muyeso. Inkameza ngakhale zilembo zathu zimene makina a azungu sazizolowera, moti mayina ena a anthu ankatuluka olumala. Ndinawalembera kuti munthu woberedwa ng'ombe sayenera kuberedwanso dzina. Anandiyankha kuti ndimakonda mapepala kuposa akazi anga. Patapita masiku anaikonza, zilembo zonse za Chitumbuka ndi Chichewa zinayamba kudutsa bwinobwino, koma sananene kuti ndinalondola. Anangondipatsira mbatata yootcha pa nyuzipepala n'kunena kuti yatsala.

Mavuto anabwera ndi mitundu. Tcheyamani wathu, a Zgambo, anakaona ku ofesi ina ku Mzuzu kompyuta yolemba mofiira ndi mobiriwira, ndipo anabwerako mtima uli komweko. Anafuna kuti uthenga wa ng'ombe zobedwa uzioneka wofiira, wa matenda wachikasu, wa misonkhano wobiriwira. Si maganizo oipa. ANyaShaba nawo sanakane. Anati mtundu uzipakidwa ndi pulogalamu yathu, mu ofesi mwathu, uthenga utasefedwa kale, ndipo anapempha kuti awapatse nthawi mpaka atatha kukolola. Komiti sinafune kudikira. Inaitana kampani ina, imene inaika kapulogalamu m'mafoni a mamembala. Munthu akasankha kuti "zabedwa", foni yakeyo ndi imene inkaika lamulo la mtundu wofiira mkati mwa uthenga. Uthengawo ukafika pa sefa, sefa inkachita ntchito yake: inkathyola lamulolo, mtundu osaoneka. A kampani anati pali chinthu chakale chimene chikutsekereza. Anachichotsa. Mitundu inaoneka.

Tsiku loonetsa anthu tinakumana m'holo ya tchalitchi. Anabwereka chipangizo choonetsera pakhoma kuti onse aone sikirini. Kunabwera anthu ambiri, ena a njinga kuchokera ku Manyamula, amayi a mamembala, ndi Mayi Zgambo omwe, atavala duku latsopano, atakhala kutsogolo. Wa kampani anapempha membala mmodzi kuti atumize uthenga woyesera. Unatuluka pakhoma wofiira ngati magazi: ng'ombe ziwiri zabedwa ku Edingeni. Anthu anaomba m'manja.

ANyaShaba anaimika dzanja ali kumbuyo.

"A tcheyamani, ndapota, sefa mwaiika kuti?"

"Amama, lero ndi tsiku lachimwemwe. Za sefa tikamba ku komiti."

"Ndafunsa kuti mwaiika kuti."

Wa kampani anaseka pang'ono. "Agogo, zimene zija zinali za kale. Panopa zonse zili bwino, mbwenu."

Ine nditamva mbwenu ameneyo ndinadziwa kuti tsiku lawonongeka. Ndinawaona akutulutsa kompyuta yawo yaing'ono m'chikwama n'kuiika pamiyendo, n'kuyamba kudina mabatani. Sipanapite nthawi. Pakhoma paja, anthu onse akuyang'ana, mzere wofiira uja unazimiririka. Sunatsike, sunakwere, unangosowa ngati sunalembedwepo. Pamalo pake panatuluka mzere wobiriwira, wokhala ndi nthawi yake, ndi nambala ya foni ya a Zgambo amene, imene aliyense amaidziwa, ndipo mawu ake anali akuti: ine tcheyamani ndapereka nkhunzi yanga yakuda kwa aNyaShaba.

Holo inaphulika ndi kuseka. Kuno mwamuna sapereka ng'ombe kwa mkazi wamasiye popanda tanthauzo. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Malowolo ayambika, adada! Zotsalazo zibwera liti?" Mayi wina anayamba nthungululu. A Zgambo anatulutsa foni yawo n'kuiimika m'mwamba, akutembenuka uku ndi uku. "Ine yayi! Sindinalembe ine! Onani, foni yanga ndi iyi!" Mayi Zgambo anaimirira, anakonza duku, natuluka osayang'ana munthu.

ANyaShaba anaimirira osaseka n'komwe. Anati a Zgambo akunena zoona, sanalembe iwo, ndipo nkhani yake ndi yomweyo. Anati uthenga wa ng'ombe za ku Edingeni wafika ndipo uli mkati mwa kompyuta, koma maso a kalaliki sadzauonanso, chifukwa mlendo walamula sikirini kuti iufufute ndipo sikirini yamvera. Anati lero ndi nkhunzi ya nthabwala, mawa zidzakhala ng'ombe za munthu. Palibe anamva. Anthu anali akupukuta misozi ya kuseka.

Apa ndiyenera kunena kukwiya kwanga ndi malemuwo, ngakhale ali m'manda. Akanatha kulemba china chilichonse. Akanalemba kuti mvula igwa mawa. Akanalemba dzina langa, ine sindikanadandaula kupitirira kalata imodzi. Koma anasankha nkhunzi, anasankha mwamuna wa mwini, pamaso pa mkazi wake ndi tchalitchi chonse. Nditawafunsa pobwerera, anandiyankha kuti: "A Kamwendo, ndikanalemba za mvula akanaiwala asanafike kunyumba." Zoonadi sanaiwale. Mpaka lero ku Manyamula nkhunzi ya a Zgambo amaitchula kuti mkamwini. Chimene anaiwala ndi sefa.

Komiti inakhala pansi sabata yotsatira, Lachiwiri lija ndatchula poyamba. Pa mndandanda wa zokambirana panalibe mawu akuti sefa. Panali zakuti aNyaShaba anyoza mpando, agwiritsa dzina la munthu mwachinyengo, ndiponso asokoneza katundu wa bungwe. Anawalamula kuti abweze kiyi wa ofesi. Ine ndinaimirira n'kunena kuti chipongwe ndi nkhani ina, chibowo cha m'khola ndi nkhani ina, ndipo kulanga wolozayo sikutseka chibowo. Anandiuza kuti ndilembe. Ndinali nditalemba kale. ANyaShaba anamasula kiyi pa kachingwe ka m'khosi, anauika patebulo, nati kwa tcheyamani: "Yewo chomene. Koma kiyi weniweni mwaupereka kale kwa aliyense wa foni." Kupepesa anakana. Kwa Mayi Zgambo okha ndiko anapita ndi nkhuku, ndipo ndamva kuti awiriwo anaseka mpaka dzuwa kupendeka, koma zimenezo komiti sinazilembe.

Chaka chotsatira, nthawi yokonza minda, a Mtonga a kumbali ya Champhira anadzuka n'kupeza khola lothyoledwa. Ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo ndi pulawo, yofiira ndi yamawanga, kulibe. A Mtonga ndi munthu wamkulu, wa mwendo wovuta, ndipo ng'ombe zimenezo ndizo zinali miyendo yawo. Anatumiza uthenga mbandakucha, ndipo foni yawo ikuonetsa kuti unapita. Mayi Mhango atatsegula ofesi anapeza pa sikirini, pa nambala ya a Mtonga, mawu obiriwira akuti ng'ombe zapezeka, zinali kudambo, musavutike. Sanaimbire munthu, ndipo akanaimbiranji? A Mtonga anadikira, kenako anakwera njinga ya kabaza mpaka pa msewu waukulu, nafika ku boma dzuwa lili pamutu.

"Mwaimbira a kumsika?"

"Adada, si mwati zapezeka?"

"Ndani wati? Ine? Ndikanabwera kudzatani kuno ndi mwendo uwu?"

Ng'ombezo sizinaonekenso. Sindinena kuti ndikudziwa chimene chinachitika, chifukwa sindinaone. Ndikudziwa kuti a Mtonga amalumbira kuti sanalembe, Mayi Mhango amalumbira kuti anawerenga, ndipo onse awiri ndi anthu osanama. Komiti inagamula kuti mwina kalaliki anawerenga molakwa, mwina wina wa pakhomo pa a Mtonga anaseweretsa foni. Mayi Mhango analandira kalata ya chenjezo. Kope yake anandipatsa.

ANyaShaba atamva anabwera pa ofesi madzulo a tsiku lomwelo. Anaima pakhonde, poti kulowa anawaletsa, napempha chinthu chimodzi: awalole kuona uthenga monga mmene unafikira mkati mwa kompyuta, usanapite pa sikirini. A Zgambo anakana. Ndipo ndi pakhonde pomwepo pamene ananena mawu amene ndikufuna afafanizidwe. Anati ngati akuba achitadi zimenezi, wawaphunzitsa ndi aNyaShaba m'holo muja.

"Ine ndinakuonetsani kuti khola lili ndi chibowo," anatero aNyaShaba. "Mmene amalowera sindinauze munthu. Fisi mumati amadikira msonkhano kuti adziwe?"

"Zisanachitike zanu zija kunalibe vuto."

"Kunali sefa, a Zgambo."

Sanakweze mawu. Anayang'ana wotchi yawo ija, ngakhale panalibe amene anachedwa, natsika pakhonde. Mawu a tcheyamani anayenda msanga kuposa awo. Ku dibi anthu ena analeka kuwapatsa moni wautali. Mayi amene ng'ombe yogula kwa mlongo wake ankaigoneka padera anayamba kutchulidwa kuti mphunzitsi wa akuba.

Atadwala ndinakawaona kunyumba kwawo. Ndinawapeza pamkeka, akukalipira mpongozi wawo chifukwa chothira shuga mu tiyi asanafunse. Anandipatsa kachipangizo kosungira zinthu za mu kompyuta, kakang'ono ngati chala. Anati sefa ili mmenemo, ndipo aikonzanso: tsopano imasefa kaye, kenako imapaka yokha mitundu yonse itatu imene a Zgambo ankafuna. Anaimaliza kalekale, atangotha kukolola, monga analonjezera, ali kale opanda kiyi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanakaipereke okha. Anati anapita nayo kawiri, ndipo anauzidwa kuti akuyang'anapo. Kenako anandiuza kuti andipatsa ine chifukwa ndine munthu yekhayo mu Mzimba muno amene sataya kanthu, ngakhale zoyenera kutaya. Ndinawauza kuti mawu amenewo ndiwatenga ngati chiyamiko. Anati nditenge mmene ndingafunire.

Dzulo ndinadutsa pa ofesi. Mpando wawo wachitsulo, umene anaumanga ndi waya mwendo umodzi, ulipobe pakona, koma aunjikapo mabotolo opanda kanthu a mankhwala a dibi. Pakhoma pali chizindikiro cha pomwe panali pepala lawo la malangizo kwa kalaliki. Pepalalo anachotsa, utoto wa pamalopo ndi woyera kuposa khoma lonse. Sikirini ikuwala bwino, mofiira, mwachikasu, mobiriwira. Mayi Mhango sakhulupiriranso mzere uliwonse. Uthenga ukafika wakuti zapezeka, amaimbira mwini wake ndi foni yawoyawo kuti amve mawu ake. Koma mzere umene wafufutidwa iwo asanatsegule ofesi, popanda china cholembedwa pamalopo, adzaimbira yani? A Mtonga chaka chino alima ndi khasu kachigawo ka kufupi ndi nyumba, kwinako kwamera tsekera. Nthawi yokonza minda yayandikiranso, ndipo makola ndi odzaza.

Choncho, a tcheyamani ndi a komiti, ine Kamwendo, membala wa bungwe lino chiyambireni, ndikupempha mwaulemu kuti sefa ya aNyaShaba, imene ili m'envelopu kunyumba kwanga, ibwezedwe mu kompyuta ya bungwe mvula isanagwe. Ndikupempha kuti munthu wodziwa, amene si wa kampani ija, aone uthenga wa tsiku la a Mtonga monga unafikira, ndipo zimene apeze auze a Mtonga ndi Mayi Mhango pamaso. Ndikupemphanso kuti mawu amene ananenedwa pakhonde paja abwezedwe Loweruka, nsalu isanachotsedwe pa chiliza, ana awo akumva. Nkhaniyi iyankhidwe. Yankho likhale la papepala, losainidwa ndi dzanja, lodindidwa chidindo. Musalionetse pa sikirini ija, chifukwa kufikira sefa itabwerera, ngakhale inu nomwe simungalumbire kuti zolembedwa pa dzina lanu mwalemba ndinu.